Chitoliro Chachiwiri

Lolemba, 2 Juni

Andilanda nyimbo yanga. Chabwino, sanandilande yonse, dzina langa likhalapobe. Koma woliza chitoliro sindinenso ine.

A Ndodo anandiitanira mu ofesi yawo kuseri kwa holo tisanayambe pulakatisi. Dzina ali nalo, koma gulu lonse timawatchula choncho chifukwa cha kandodo kamene amatitsogolera nako poimba. Amakanyamula ngakhale popita kukamwa tiyi. Akuti, "Khala pansi mwana wanga, ndili ndi nkhani yabwino." Munthu akayamba choncho, dziwa kuti zaipa.

Nkhani yabwinoyo ndi yoti pa konsati ya pa 14, chitoliro cha mu nyimbo yanga adzaliza ndi aphunzitsi anga. Akuti anthu amawadziwa, dzina lawo likakhala pa positala mipando idzadza. "Iwe ndiwe wopeka. Wopeka amakhala pansi n'kumamvera. Pomaliza amaimirira, anthu n'kumuwombera m'manja."

Ndinati, "Koma ndinailembera pakamwa panga."

Anaseka mpaka kupukuta maso. Akuti nyimbo si mswachi.

Chaka chonse chatha ndakhala pa nyimbo imeneyi. Dzina lake Msewu Ukudzuka. Chitoliro, chelo (vayolini yaikulu ija), piyano ndi ng'oma. Yoyamba yanga kuimbidwa mu holo yeniyeni, anthu atakhala chete kumvetsera, osati m'hotela momwe ndimaliza Loweruka anthu akutafuna n'kumaitana woperekera zakudya. Ndinkati tsiku limenelo ndidzaima ndekha kutsogolo, anthu adzaone kuti amene walemba ndi amene akuliza.

Nanga ndikanakana bwanji? Aphunzitsi ndi amene anandiika chitoliro m'manja ndili kamtsikana ka mamina. Kupuma kumene ndinaphunzira kwa iwo. Ndikanati ayi, mawa aliyense akanamva kuti mwana uja wakula mwano. Ndinangoti zikomo.

Zikomo!

Lachiwiri, 3 Juni

Ndawauza achemwali akusambitsa mwana. Akuti, "Ndiye vuto lili pati? Uvala diresi, ukhala pansi, ena akutulukira thukuta. Ntchito yotero ine ndingaikonde." Alamu ali pakhomo la bafa ndi kapu ya tiyi: "Mlamu, kondakitala wanu wa kandodoyo amaitanira basi yopita kuti?" Nthabwala imeneyi anaiyamba chaka chatha ndipo sinafebe. Amaseka okha mpaka kutsokomola.

Sindingawakwiyire. Akundisunga, ndipo m'chipinda chosungiramo katundu anandisunthira matayala kuti ndiziliziramo. Fungo la penti, zenera palibe, koma mwana samva. Ndalizamo tsamba lachitatu la nyimbo yanga mpaka milomo kuchita dzanzi. Ndikuyesereranji sindikudziwa. Zala sizinamve kuti zachotsedwa ntchito.

Lachitatu, 4 Juni

Aphunzitsi abwera. Jekete lomwe lija la bulauni, kabokosi ka chitoliro kukhwapa. Atalowa gulu lonse linaimirira, ngakhale wa ng'oma amene saimirira munthu. Anandigwira mapewa: "Iwe, wakula mpaka kundilembera nyimbo ine?" Ndinangoseka ngati chitsiru.

Ndisaname, poyamba ndinatsala pang'ono kukhululuka. Nyimbo imayamba ndi mawu apansi, msewu usanadzuke, ndipo mawu apansi a aphunzitsi palibe wina ali nawo. Amatuluka ngati akuchokera m'chitsime. Ine ndawafunafuna kuyambira ndili mwana, sindinawapeze. Thupi lonse tsemwe.

Kenako tsamba lachitatu. Apa ndi pamene msewu wadzuka: mabuleki, mageti achitsulo akukwekwereza pansi, mayi akuitana mwana patali. Chitoliro chimakwera pamwamba penipeni mpaka kupweteka khutu, ndipo woliza amang'ung'udza pakhosi uku akuuzira kuti mawu asweke. Aphunzitsi anatsitsa zonse pansi n'kuzikometsera, ngati nyimbo yogonetsera khanda. Ndinati mwina maso, sanaone bwino. Anabwereza. Chimodzimodzi.

A Ndodo: "Eyaa! Tsopano ikumveka ngati nyimbo."

Tsopano. Ndiye kale inkamveka ngati chiyani?

Macheka anandiyang'ana pamwamba pa chelo yake, nsidze m'mwamba. Mnzanga wa ku koleji ameneyu. Dzinalo tinamupatsa chifukwa akagwira uta wa chelo amakhala ngati akucheka thabwa. Ine maso pansi.

Lachinayi, 5 Juni

Kusukulu komwe ndimaphunzitsa ndakalipira ana popanda chifukwa. Si iwo anandilakwira. Mutu.

Lachisanu, 6 Juni

Ndinakonzeka ndithu. M'basi ndinayeserera mawu: aphunzitsi, pa tsamba lachitatu paja ndinkafuna phokoso, ndinachita dala. Zosavuta. Mwana anganene.

Titaweruka ndinawapeza akupukuta chitoliro ndi kansalu. Ndinawerama pambali pa mpando wawo. "Aphunzitsi, pa tsamba lachitatu paja..."

"Ndaona, ndaona. Ndakukonzera kale." Anandionetsa pepala. Pensulo paliponse. Manotsi anga akhwatchidwa, awo alembedwa pamwamba, mwaukhondo ngati osindikiza. "Unyamata umakonda phokoso. Khutu la munthu si chitini, mwana wanga. Udzandithokoza."

Ndipo ndinawathokozadi. Pomwepo, osadikira n'komwe.

Panja Macheka anandidikirira, chelo kumsana ngati wabereka munthu wamkulu. "Iwe, chitolirocho chinakumeza lilime? Nyimbo ndi yako kapena ya amalume ako?" Ndinati akulu ndi akulu. Akuti, "Akulu akakuponda chala umawauza mwaulemu kuti pepani, mwandiponda. Sumwetulira n'kupereka chala china."

Ali ndi pakamwa mtsikana ameneyu. Iye sanaphunzitsidwe ndi iwo, n'chifukwa chake. Sakudziwa kuti munthu ameneyu ankandiperekeza kokwerera basi mvula ikugwa, ambulera atafunditsa chitoliro, ife tonse awiri tikunyowa.

Loweruka, 7 Juni

Mapositala atuluka. Ndabwera nayo imodzi kunyumba, sindikudziwa chifukwa chake. Nkhope ya aphunzitsi, yakalekale, tsitsi lisanachite imvi. Dzina lawo zilembo ngati zibakera. Langa lili pansi penipeni, pafupi ndi pamene alemba kuti zakudya sizilowa mu holo. Alamu anatulutsa magalasi n'kumalifufuza ndi chala. "Ndalipeza! Koma alakwitsa chilembo chimodzi." Zoona, alakwitsadi.

Masana ku hotela. Bambo wina wandipempha ndichepetseko mawu, akulankhula pa foni. Chitoliro chimene, chopanda ngakhale sipika. Ndachepetsa.

Lamulungu, 8 Juni

Ndaganiza zongoichotsa nyimboyo pa konsati. Kuli bwino isamveke kusiyana n'kuti imveke itavala zovala za wina.

Achemwali, akusita: "Ukaichotsa avutike ndani? Iwo aimba ina, iwe ubwerera ku matayala." Anatembenuza shati. "Koma ndikuuze. Iwe sukwiya msanga, umasunga. Tsiku lotulutsa umatulutsa ndi zosafunika zomwe. Pita kunyumba kwa aphunzitsi akowo mukalankhule pa awiri, pasakhale maso a anthu."

Ndinati mawa.

Akuti pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinati ndamva, mawa ndithu.

Lolemba, 9 Juni

Achemwali ananena.

Kunyumba kwawo sindinapite. Ndinati ndiwapeza ku holo. Pulakatisi yayamba, ine pa mipando ya anthu, chitoliro changa pamiyendo chifukwa ndinachokera kusukulu. Atafika pa tsamba lachitatu, lero anawonjezanso. Pamene pali mayi woitana mwana anaikapo kanyimbo kawokawo, kotsekemera, a Ndodo akugwedeza mutu maso atatsinzina. Ndinangomva mawu akuti "Imani!" Ndinadabwa kuti atuluka mwa ine.

Ndinakwera pa siteji, kulumikiza chitoliro, n'kuliza tsamba lonse mmene ndinalembera. Mabuleki, geti, mayi woitana, zonse. Sindinalizepo bwino chonchi chibadwire. Holo yopanda anthu inabweza mawu ngati mbama.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ayi. Ndinati, "Ndinalemba chonchi. Ngati simungathe nenani, osati kumandikhwatchira ngati ndili m'kalasi."

Wa piyano anayamba kuyang'ana zikhadabo zake.

Aphunzitsi sanakweze mawu. Anamasula chitoliro, kupukuta chigawo chilichonse pang'onopang'ono, kutseka bokosi. "Mwana wakula," anatero osandiyang'ana. Anatuluka. Mapepala anawasiya pa sitandi.

A Ndodo anandilozetsa kandodo pamphuno. "Ukumudziwa munthu amene wamunyozayu? Akapanda kubwera Lachisanu, nyimbo yakoyo ndikuichotsa, tiika ina. Ndipo pakhomo pano usadzabwerenso ndi pepala."

Macheka pondiperekeza: "Ndinati uwauze kuti akuponda. Sindinati uwathyole mwendo."

Kunyumba sindinanene. Achemwali angondiyang'ana n'kundiikira tiyi patsogolo.

Lachiwiri, 10 Juni

Aphunzitsi foni sakuyankha. A Ndodo atumiza uthenga wa mawu amodzi: kapepese.

Ndipepese chifukwa choliza nyimbo yanga mmene ndinailembera? Ayi. Mawu omaliza aja okha ndiye akundiluma. Ngati simungathe. Pamaso pa wa ng'oma!

Koma nawonso. Nawonso.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapita kwa aphunzitsi nditaweruka kusukulu. Geti lomwe lija losatsekeka bwino, mtengo wa mandimu wakula mpaka kuphimba zenera. Akazi awo ananditsegulira. Timawatchula kuti Amayi tonse amene tinaphunzira pakhomo paja. Sanadabwe. "Lowa mwanawe, ali kuseri akuthirira maluwa." Anandikhazika kukhitchini.

Tisanalankhule kanthu, chitseko chakuseri chinatseguka. Munthu wamkulu, vesiti, chitini chothirira m'manja, masaya olowa m'kati, milomo itapindikira m'kamwa. Ndinachedwa kuzindikira kuti ndi aphunzitsi. Iwo sanachedwe. Anaphimba pakamwa ndi dzanja, kudutsa mofulumira, kulowa kuchipinda. Chitseko gwa.

Amayi anapukuta manja. "Waona wekha, ndiye sindinaulule ndine." Akuti mano awo akutsogolo anawachotsa chaka chatha, nkhama zinadwala. Oikirirawo amakhala bwino polankhula ndi podya. Koma akamanga milomo kuti akweze mawu, amasuntha. "M'mawa uliwonse amadzitsekera ndi tsamba lako lachitatulo. Ndimamva ndili konkuno. Amakwera, amakwera, kenako fuu, mphepo yokha. Tsiku lina anaponya nsapato kukhoma."

"Ndiye anavomereranji, Amayi?"

"Ungakane bwanji mwana wako atakupempha?"

"Ine? Ine sindinawapemphe."

Anandiyang'ana modabwa. "Mkulu wa gulu lanu uja anabwera pano. Anakhala pomwe wakhalapo iwepo. Anati iwe walira kuti nyimbo yako asalize wina aliyense koma aphunzitsi ako. Mwamuna wanga tsiku limenelo anayenda m'nyumba muno ngati mnyamata."

Kandodo kaja kakanakhala pafupi ndikanakathyola pabondo.

Ndinagogoda kuchipinda. "Aphunzitsi, pepani chifukwa cha mawu aja. Sindinayenera." Kenako, kuseri kwa chitseko, mawu osamveka bwino: "Pita bwino."

M'basi misozi inabwera, ndinayang'ana pa zenera. Koma mkwiyo sunathe ndipo sindinamizira kuti watha. Akanangondiuza. Ine ndikanauza ndani? M'malo mwake akuti khutu si chitini. Nyimbo yanga ikhale yolakwa kuti pakamwa pawo pakhale polungama. Ndiye ndiwamvere chisoni kapena ndiwakwiyire? Zonse ziwiri zakhala pachifuwa, palibe chikufuna kusuntha.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapempha mnzanga andigwirire makalasi a m'mawa, ine m'laibulale ndi pensulo. Nyimbo ija ndaigawa pawiri. Zitoliro ziwiri. Mawu apansi onse awo, apamwamba anga. Pansi pa tsamba lachitatu ndaikapo mzere wautali wapansi, ngati injini ya lole yoima pamphambano, umene kale panalibe. Chodabwitsa, nyimbo ili bwino kuposa poyamba. Zimenezinso zandikwiyitsa.

Ndinapita nayo kwa a Ndodo. Akuti, "Nthawi ino? Sitisintha kanthu."

"Munawauza aphunzitsi kuti ndinawapempha ndine."

Anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. "Ndinkathandiza nonse awiri."

"Ndiye thandizaninso."

Za mano sindinanene, si zanga. Anazungulira, anazungulira, pomaliza akuti aphunzitsi akavomera chabwino, akakana nyimbo aichotsa monga ananenera.

Basi inanso mpaka kunyumba kwa aphunzitsi. Lero anatuluka pakhonde atavala jekete, mano ali m'malo, ngati dzulo kunalibe. Moni wouma. Ndinapereka mapepala. Anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chikuyenda, milomo ikugwedera pang'ono.

"Wandilembera ya nkhalamba."

"Ndakulemberani imene ine sindingathe. Mawu apansi amenewo ndilibe, mukudziwa."

"Usandinyengerere, sindine mwana."

"Ndikanakhala wodziwa kunyengerera, za Lolemba zija sizikanachitika."

Mphuno yawo inatulutsa kamphepo. Kuseka kapena ayi, sindikudziwa. Analoza penapake. "Nanga ichi n'chiyani?"

"Pamenepo mugogoda makiyi a chitoliro osauzira. Ndi mapazi a anthu opita kuntchito."

"Ine ndigogode? Ndine kalipentala?"

Kuti abwera sananene. Koma mapepala sanandibwezere.

Lachisanu, 13 Juni

Pulakatisi yomaliza. Ndinaika masitandi awiri. A Ndodo anayamba ndi nyimbo zina, diso limodzi pakhomo. Ine pambali, chitoliro cholumikiza kale. Nthawi ya nyimbo yanga inakwana, munthu palibe. A Ndodo anali atayamba kale kunena kuti chabwino, tulutsani ina ija, pamene chitseko chinalira.

Analowa osafulumira. Moni kwa a Ndodo, moni kwa wa piyano, kwa Macheka, kwa wa ng'oma. Ine anandilumpha. Anaima kumanzere kwanga n'kutsegula mapepala.

Zinayenda mokhotakhota. Wa ng'oma anasochera chifukwa anazolowera zotsekemera zija. Pogogoda makiyi aphunzitsi anangoima, chitoliro chili pansi, maso kudenga ngati akuwerenga malata. Ndinawasiya, ndanena zokwanira sabata ino. Koma pamene mzere wawo wapansi unalowa pansi pa mabuleki anga, Macheka anaphonya polowera. Akuti anaiwala kuti nayenso akuimba.

Aphunzitsi anachoka osatsanzika. A Ndodo akuti, "Tingoona mawa." Ngati kuti ndi nyengo.

Loweruka, 14 Juni

Diresi ya achemwali ikuthina m'khwapa, mikono sikukwera bwino. Milomo yauma. Tiyeni.

Lamulungu, 15 Juni

Holo inadzaza. A Ndodo sananame pa chimenecho.

Wolengeza anati, "Tsopano timve nyimbo yatsopano ya katswiri wathu, mothandizidwa ndi wophunzira wawo." Ndili kuseri kwa katani ndinamva magazi akukwera kumutu. Ndiye kuchokera m'katikati mwa anthu, mawu amene ndimawamva m'mawa uliwonse akufunsa sokosi: "Walemba ndi mlamu wanga!" Anthu anaseka. Achemwali akuti anawakoka jekete mpaka batani kuduka. Nthabwala ya kondakitala ija ndawakhululukira mpaka kalekale.

Chiyambi chinali bwino kwambiri. Ngakhale otsokomola anasiya. Kenako tsamba lachitatu. Ndinakwera, ndinakwera, ndipo pa liwu lapamwamba penipeni, limene sindinaliphonyepo m'chipinda cha matayala, panatuluka mphepo yokha. Ine! Ndi mano anga onse! Ndinapitiriza, nanga ndikanatani. Aphunzitsi nawo anasochera patsogolo pake, analowa mochedwa, Macheka anakoka liwu lake mpaka uta kutha kuwadikirira. Ndipo makiyi anagogoda. Pamalo olakwika, mwamphamvu, nkhope ngati munthu akumeza mankhwala owawa. Koma anagogoda.

M'manja anawomba nthawi yaitali. Kuwombera ndani, sindikudziwa.

Panja bambo wina wa tayi anawagwira dzanja aphunzitsi n'kufunsa kuti maganizo a nyimbo yotere anawatenga kuti. Iwo analoza ine ndi bokosi la chitoliro: "Funsani mwini wake." Bamboyo anandiyang'ana, akuti oo, chabwino, n'kupitiriza kulankhula ndi aphunzitsi. Mayi wina wa gulu lovina ndiye anandipeza yekha. Akuti tsamba laphokoso lija ndi limene analikonda, akufuna nyimbo ya ovina ake. Anatenga nambala. Mwina aimba, mwina ayi. Ndaphunzira kusavinira ng'oma isanalire.

A Ndodo: "Ndinakuuza kuti ziyenda." Sindinathokozenso.

Pokwera galimoto aphunzitsi anatembenuka. Mawu oyamba kundilankhula chichokere pakhonde paja. "Lachiwiri ubwere kunyumba. Ndi chitoliro."

Mwina akukandikalipira bwinobwino, popanda a Ndodo.

Lolemba, 16 Juni

Liwu lija likundilirabe m'mutu. Lero m'chipinda cha matayala latuluka loyera, osavuta n'komwe. Chitsiru cha liwu.

Mayi wa ovina sanaimbe.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndapita. Amayi anandilozera chipinda chophunzirira ndi chibwano, akubisa kuseka.

M'chipindamo simunasinthe. Mashelefu a mabuku a nyimbo, kalilole woonera milomo, mpando wawo waukulu wa manja, ndi kampando kamatabwa ka ophunzira. Pa sitandi panali tsamba lachitatu. Aphunzitsi anali atakhala pa kampando, maondo atakwera pafupifupi pachifuwa.

Ndinaima pakhomo.

"Ukuyang'ana chiyani? Khala apo."

Apo ndi pa mpando wawo. Ndinakhala kunsonga kwake.

"Zong'ung'udza pakhosi zija. Pamwamba sindingafike, ukudziwa chifukwa chake, tisazinene. Koma pansi zingatheke?"

"Zingatheke."

"Ndionetse."

Ndinawaonetsa, pang'onopang'ono. Anayang'anitsitsa pakhosi panga, kenako anakweza chitoliro chawo. Chimene chinatuluka chinali ngati mbuzi yotsamwa. Kukhitchini Amayi anaphulika. "Inu, tatsekani chitsekocho!" anakuwa aphunzitsi. Anayesanso. Mbuzi yomweyo, yocheperako pang'ono.

Anatsitsa chitoliro n'kundiyang'ana, kudikira. Lilime langa linali litakonza kale kuti zili bwino, mwayesetsa. Ndinameza.

"Ayi aphunzitsi. Mwauzira msanga, pakhosi pasanayambe. Bwerezani."

Kenako anakonza mano ndi chala chachikulu, anakoka mpweya, n'kukweza chitoliro.